Kaseti Yomwe Ndinaika M'bokosi la Achimwene

"Lufeyo, kaseti imeneyo si yako! Uli ndi mtima wanji iwe?"

Anali achemwali anga a Rozina, kuseri kwa nyumba ya malemu achimwene athu, kunja kusanayere bwinobwino. Ine n'kuti nditangodzuka pa benchi pomwe ndinagonapo mwina ola limodzi, ndikusukusula ndi madzi ozizira. Amayi omwe ankasonkha moto pamafuwa anasiya kuuzira, onse maso kwa ife. Ndinagwira thumba la jekete langa, pomwe panali kasetiyo, n'kuwauza achemwaliwo kuti atsitse mawu, pano ndi pamaliro. Iwo anati pamaliro pomwepo ndiye poyenera kuchita manyazi. Ndinawasiya akuyankhula.

Ndifotokoze kaye za kasetiyo, chifukwa tsiku lonse linazungulira pa iyo.

Achimwene a Gelevazio anali ndi vidiyo pa Kamwendo: chisakasa cha malata akale, mabenchi asanu ndi atatu, sikirini, deki ndi kajenereta kaphokoso. Nyumba yawo inali kuseri kwake. Anyamata a pamsika ankafuna mafilimu omenyana, koma achimwene mtima wawo unali pa mafilimu a ku Nigeria a mabanja osokonekera: mayi wopeza wozunza, wamasiye wolandidwa katundu, bambo wotayidwa ndi ana ake. Lamlungu masana mumadzaza amayi a m'maesiteti a fodya. Achimwene ankaima pambali pa sikirini n'kumamasulira m'Chichewa, kwina n'kumawonjezera zawo, mpaka chisakasa chonse mamina okhaokha. Ine ndinkawauza poyera kuti n'zopusa kulirira anthu omwe akamaliza kujambula akukadya nkhuku. China chomwe tinkakanganirana chinali ulesi wawo. Akatulutsa kaseti m'deki sankaibweza m'chikuto chake, ankangoilowetsa m'chikuto chilichonse chomwe chili pafupi. Makasetiwo anali okopera, akuda onse, opanda dzina. Ndiye pabolodi alemba nkhondo, anthu alowa, pa sikirini n'kutuluka mayi akulira pachitsime.

Banja lawo lomwe linali ngati mafilimu awowo. Kale ankamwa, ndipo akamwa ankamenya. Sindibisa. Alamu anachoka n'kubwerera kwawo kutsidya kwa malire, cha ku Chipata, atatenga mwana wawo mmodzi yekhayo, Enelesi, ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Achimwene mowa anasiya, koma anasiya mochedwa. Alamu anamwalirira konko. Zaka khumi ndi zinayi achimwene ankadya okha.

Chaka chotsatira njala yaikulu yomwe inagwa m'dziko muno anayamba kutsokomola n'kumaonda. Ine ndimagwira ntchito yodzaza mapepala a madalaivala a mathiraki pa boda, choncho ndinatuma uthenga kawiri kwa Enelesi kudzera mwa wosintha ndalama wina yemwe amawoloka tsiku ndi tsiku. Kawiri konse anandiuza kuti wapereka m'manja. Mwanayo osabwera.

Patatsala mwezi kuti amwalire, achimwene anaitana mnzawo wojambula maukwati, n'kudzitsekera naye m'chisakasa. Atatuluka anandionetsa chikuto chomwe analembapo ndi inki yofiira kuti ENELESI. Anati, "Ndikapita, ukapereke m'manja mwake. Usaonere, si zako."

Ndinawapeza ndine Lachiwiri m'mawa, atakhala pa benchi yakutsogolo, mutu utatsamira mzati, atazizira kale. Sikirini inali bii, jenereta itathima yokha, petulo atatheratu. Chikuto cha Enelesi chinali pamwamba pa deki, kaseti ili m'kati. Ndinachiika m'jekete ndisanaitane munthu. Ndipo pomwepo ndinatsimikiza mumtima kuti mwana yemwe analephera kudzapatsa bambo ake ngakhale kapu ya madzi sadzamva mawu awo. Mawuwo apita ndi mwini wake kumanda. Cholakwa changa chinali kuwauza achemwali.

Kunacha ndi mphepo ya mwezi wa Juni, ija yonyamula fumbi n'kumakuthira m'maso. Amayi omwe anachezera kuimba anatuluka m'siwa mawu atasasa, ena n'kulowa m'malo mwawo. Anyamata anakaika masamba atsopano pamsewu, chifukwa a dzulo anali atapondedwa ndi mathiraki. Maminibasi akafika pamenepo ankazimitsa wailesi. A njinga ankatsika n'kumakankha, zipewa m'manja. Mabenchi a vidiyo tinawatulutsa kuti akhalepo akuluakulu, ndipo bambo wina wa mpingo wathu, yemwe ankalalikira kuti vidiyo ndi khomo la Satana, anakhala pa benchi yachiwiri osadziwa chomwe wakhalira. Bolodi inali itatsamira khoma, choko cha achimwene chikuonekabe: LERO 2 KOLOKO. Palibe anafufuta.

Cha m'ma eyiti anthu a m'maesiteti anayamba kufika m'magulumagulu. Ena anayenda kuchokera cha ku Mkanda. Amayi anasenza nkhuni ndi timabeseni ta ufa, akuyankhula zinenero zakwawo kummwera. Ambiri sindinkawadziwa. Mayi wina wamtali anagwada pakhomo la chisakasa, osati la siwa, n'kulira kuti, "Atimasulira ndani ife osaphunzira!" Ena anafuna kuseka, koma atamuona nkhope anasiya. Ine zinandikwiyitsa. Anthu achilendo akulira chonchi, mwana wobereka ali kuti?

Cha m'ma teni mkulu wa adzukulu anabwera, dothi lofiira mpaka m'tsitsi, kudzanena kuti manda atha. Anati nthaka inali youma ngati simenti, anyamata atopa, tisawasunge padzuwa. Tikuyankhula choncho, achemwali anafika akuthamanga. Dalaivala wina wa minibasi anawauza kuti waona mtsikana wovala zakuda pa boda akufunsa njira ya ku maliro a mwini vidiyo, koma pamzere wodinditsa ziphaso panali anthu ambiri.

"Tidikire mpaka thuu koloko," anatero achemwali.

"Iye anatidikira ife?"

"Lufeyo, ndi mwana wa m'bale wako."

"Mwana ndi amene amabwera munthu akupuma. Thwelofu tikunyamula."

Mkulu wa adzukuluyo anayang'ana pansi, akukanda dothi ndi chala chakuphazi. Anati, "Ife timamvera eni mbumba. Koma mugwirizane, chifukwa maliro okangana amalemera pamapewa." Ndinamuuza kuti akalemera ndinyamula nawo.

Mwambo unayamba itangokwana leveni. Wa mpingo analalikira nthawi yaitali, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinaona achemwali akusangalala ndi ulaliki wautali. Maso awo anali kumsewu. Minibasi iliyonse ikaima ankatukula khosi. Inenso, kunena zoona, ndinkayang'ana, koma ine ndinkayang'ana ngati munthu wothamangitsana ndi mvula. Itafika nthawi yoti wa kubanja ayankhule, ndinaimirira. Ndinathokoza anthu mwachidule, kenako pakamwa panga panachita zomwe pamachita. Ndinati achimwene amwalira okha ngati munthu wosabereka, ndipo amene akudziwa kuti ndikunena iwo amve kumene ali. Wa mpingo anayambitsa nyimbo msangamsanga kuti andikhazike pansi.

Anthu anaona nkhope, mzere wautali, mpaka onse anatha. M'nyumba tinatsala ife achibale ndi kalipentala, misomali ili pakamwa. Achemwali anaika m'bokosi bulangete la achimwene ndi kapu yawo yachitsulo. Ine ndinatulutsa chikuto chija. Achemwali anandigwira pamkono mwamphamvu, zikhadabo kulowa.

"Ukachita zimenezi udzayankha wekha," ananong'ona. "Ine ndasamba m'manja."

Ndinachotsa dzanja lawo. Ndinalowetsa chikutocho pansi pa nsalu, pafupi ndi dzanja lamanja la achimwene, zilembo zofiira zikuyang'ana m'mwamba. Kalipentala anandiyang'ana, anayang'ana achemwali, ine n'kumuuza kuti akhome. Anakhoma. Misomali isanu ndi umodzi, ndinaimva yonse.

Kumanda ndi kutsidya kwa dambo, mtunda woti munthu wolemedwa amapuma kawiri. Amuna ankasinthana bokosi osaima. Amayi anali pambuyo ndi nyimbo, mphepo ikuwalanda mawu. M'minda munali mapesi okhaokha ndi ziputu za fodya. Ndinanyamula nawo monga ndinanenera, ndipo sindinganame kuti linalemera kuposa mabokosi ena. Linapepuka. Achimwene anali atatha.

Titatsitsa, wa mpingo atapemphera, adzukulu atayamba kukwirira, kumbuyo kunamveka phokoso. Anthu anapatuka. Wakabaza anali ataimika njinga m'mphepete mwa manda, ali wefuwefu, ndipo mtsikana wovala zakuda ankabwera nsapato zili m'manja. Sindinafunse kuti ndi ndani. Chipumi chinali cha achimwene, mayendedwe a alamu.

Mkulu wa adzukulu anakweza dzanja, makasu onse n'kuima. Dothi linali litangophimba chivundikiro. Anandiyang'ana.

"Bwanji pamenepa, eni ake? N'zotheka kutulutsa kuti aone nkhope. Tinachitapo."

Achemwali anali atamukumbatira kale mwanayo, koma maso ali pa ine. Ndinadziwa kuti akatsegula bokosilo, chinthu choyamba chomwe aone ndi dzina lake.

"Pitirizani," ndinatero.

Enelesi sanatsutse. Anawerama, anatapa dothi ndi manja awiri, anaponya, n'kuima pomwepo mpaka mtumbira unakwera. Sanalire mokuwa monga amachitira obwera mochedwa kuti anthu awaone. Zimenezonso zinandikwiyitsa. Tsiku limenelo chilichonse chinkandikwiyitsa.

Titabwerako anthu anasamba m'manja, anadya, n'kuyamba kubalalika. Anyamata anachotsa masamba pamsewu, mathiraki n'kuyambanso kudutsa ndi liwiro lawo. Dzuwa litapendeka ndinkabweza mabenchi m'chisakasa ndekha, chifukwa palibe ankafuna kundiyandikira. Ndikuika yomaliza, ndinaona mthunzi pakhomo. Enelesi anagwada pamenepo, achemwali ataima kumbuyo kwake.

"Bambo aang'ono, nabwera," anatero, ndi kayankhulidwe kawo ka kutsidya.

"Wabwera kudzatani? Ndinakutumira uthenga kawiri."

"Unafika."

"Ndiye?"

"Ninabwera."

Ndinaseka, kuseka koipa. Ndinamufunsa kuti anabwera liti, usiku pa lichero?

Sanakweze mawu. Anati anabwera mwezi wa Epulo, Lamlungu, atalandira uthenga woyamba. Anafika filimu itayamba kale, analowa ngati wina aliyense, n'kukhala pa benchi yomaliza, pafupi ndi khomo. Anafuna kuyamba wawaona bambo akewo ali patali, chifukwa chomwe ankakumbukira cha iwo chinali lamba. Anati anawaona ataima pambali pa sikirini, ataonda, akumasulira kwinaku akutsokomola. Filimuyo inali ya bambo wokalamba yemwe ana ake anamusiya yekha m'nyumba yaikulu. Anati anaganiza kuti ikatha apita kukagwada.

"Ndiye munthu wina kutsogolo anaimirira," anatero. "Anakuwa kuti, ana otere ndi njoka, ngati kamwana ka achimwene ka ku Chipata kaja. Kadzangoponda pano ndidzakathyola miyendo. Anthu anaseka."

Anandiyang'ana koyamba.

"Munavala jekete lomweli."

Ndikulikumbukira tsikulo. Ndinali nditabwera ndi mankhwala a achimwene, ndinakhala pang'ono, filimuyo n'kundinyansa. Ndikukumbukiranso kuti achimwene anasiya kumasulira n'kunena kuti, "Lufeyo, khala pansi," ndi mawu omwe sindinawamvepo. Ine ndinkayesa akudandaula kuti ndikusokoneza makasitomala.

"Ninatuluka," anatero Enelesi. "Uthenga wachiwiri utafika ninaopa. Nimati achire kaye, nizabwera inu kulibe."

Ine ndine munthu wa yankho. Pa boda amandidziwa, sindigonja kwa dalaivala kapena kwa ofisala. Koma pamenepo ndinangokankhira benchi kukhoma.

"Anasiyako mawu alionse?" anafunsa.

Achemwali anati, "Afunse bambo ako aang'onowo."

Ndikanatha kunama. Achemwali akanandiulula, koma si chifukwa chake sindinaname. Ndinati, "Anasiya kaseti. Anajambulitsa akuyankhula nawe. Ndaiika m'bokosi."

"Muli chani?"

"Sindinaonere."

Enelesi anayang'ana sikirini yakuda ija. Kenako anaimirira, anasasa fumbi m'maondo, n'kunena kuti, "Chabwino. Mawa nizapita." Ndikanakonda akanandituka.

Madzulo pakhomo panali zii. Panatsala amayi ochepa ogona m'siwa, akuyankhula motsitsa, ndi mbale zosatsuka kuseri. Ndinaganiza zopita kwa mkulu wa adzukulu, koma ndinadziwa yankho lake: manda otseka safukulidwa chifukwa cha kaseti, ndipo mwayi anandipatsa masana pamaso pa anthu. Ndinakhala m'chisakasa kuwala kukutha. Posowa chochita ndi manja, ndinayamba kulongedza makaseti m'katoni. Ena anali m'zikuto, ena ali pamtunda, monga mwa nthawi zonse. Ndinayamba kuwatukwana achimwene chamumtima chifukwa cha ulesi wawo uja, ndipo ndili m'kati motukwana, dzanja linaima.

Lachiwiri lija ndinawapeza atakhala kutsogolo kwa sikirini, petulo atatha. Ankaonera chiyani okha? Ndipo chikuto cha Enelesi chinkatani pamwamba pa deki?

Ndinakankha kachitseko ka deki ndi chala. M'kati munali kaseti. Ndinadina batani lotulutsira, koma popanda magetsi deki simalavula. Ndinafuna kuitsegula ndi sikuludalaiva, n'kuopa kudula tepi. Sindinauze munthu. Ikanatha kukhala filimu ya mayi wolira pachitsime, ndipo ndinali nditamupweteka kale mwanayo kokwanira tsiku limodzi.

M'mawa kusanache ndinatenga botolo n'kupita kumsewu kwa anyamata ogulitsa petulo wa m'zigubu. Ndinachita kumudzutsa mmodzi. Pobwera ndinapeza achibale akusonkhana kuti tiyambe zometa, ndipo Enelesi anali ataima ndi kachikwama kake, akutsanzika achemwali.

"Enelesi, tabwera kuno."

"Minibasi inisiya, bambo aang'ono."

"Ikusiye. Lowa umu, ukhale kutsogolo."

Analowa, koma anakhala pa benchi yomaliza. Ndinathira petulo, ndinakoka chingwe kanayi, jenereta n'kudzuka ndi phokoso lake pakati pa nyumba ya maliro. Ndinamva amalume athu ena akukuwa panja kuti wapenga kodi ameneyu. Ndinadina batani lobwezera m'mbuyo. Deki inalira nthawi yaitali. Itaima, ndinadina loyambitsira.

Poyamba panali mizeremizere. Kenako panatuluka mzati womwe uja, benchi yomwe ija, ndi achimwene atavala malaya awo a kutchalitchi, kolala itawakulira. Anayang'ana pambali n'kufunsa wojambulayo kuti, "Yayamba kodi?" Anatsokomola, anakonza kolala, n'kuyang'ana kutsogolo.

"Enelesi mwana wanga. Tsiku lija ndinakuona. Unakhala pafupi ndi khomo, unavala duku lobiriwira. Ndinaopa kukuitana..."

Sindinamve zotsatira. Achimwene anali atandiuza kuti si zanga. Ndinatuluka, ndinakoka chitseko, n'kuima pakhomo.

Musandiyamikire. Ine ndinakwirira mawu a m'bale wanga ndi manja angawa, ndikudziwa chomwe ndikuchita. Kuti kumandako kunapita filimu ya ku Nigeria, ndi ulesi wa achimwene womwe ndinkawatukwanira zaka zonsezo.

Amalume aja anafika ndi ndodo yawo, akuti ndazimitsa ulemu wa maliro, ndilibe khalidwe, ndinabadwa choncho. Ananena zambiri. Sindinayankhe ngakhale limodzi, mpaka iwo omwe anadabwa n'kubwerera. Amayi awiri a kuesiteti omwe anagona m'siwa anabwera atamva jenereta, n'kufunsa ngati vidiyo yatsegulidwanso. Ndinawauza kuti lero muli munthu mmodzi, ndipo mwadzaza.

Patapita nthawi, mawu a achimwene anasiya. Ndinadikira kuti chitseko chitseguke. M'malo mwake ndinamva deki ikulira, ikubwerera m'mbuyo, kenako chifuwa chija, kenako "Yayamba kodi?" Minibasi ya ku boda inaima pamsewu, kondakitala anaitana, inapita. Deki inabwereranso kachitatu.

Ndinasuzumira m'thanki ya jenereta. Petulo anali atatsala pang'ono. Ndinawapempha achemwali kuti aime pakhomopo asalowe munthu, ndinatola botolo lija, n'kuthamangira kumsewu.